Kuthandiza mwana wosakhazikika kuti sukulu imuyendere

Ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Muloza, mphunzitsi aliyense ali ndi mwana amene dzina lake amaliloweza sabata yoyamba: sakhala pansi, amayankha funso lisanathe, kope amataya. Kunyumba ndi wopulupudza, kusukulu mbuli. Achipatala vutoli amati ADHD. Limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse ndipo limayenda m'magazi, moti bambo womukalipira mwina naye anali wotero. Nzeru mwanayu ali nazo. Chomukanika n'kusunga maganizo pa chinthu chimodzi.

Poyamba, kuchipatala. Njala, vuto la makutu, khunyu ndi zotsatira za malungo a mu ubongo zimaonetsa zizindikiro zofanana. Pachipatala cha boma ku Mulanje kupima n'kwaulere. Akatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, thiransipoti ya anthu awiri ingadye ndalama zambiri, komabe n'kwabwino kusiyana n'kutayira mbuzi kwa sing'anga.

Kenako kholo likaonane ndi mphunzitsi teremu ikungoyamba, lisadikire zotsatira. Lipemphe kuti mwana akhale kutsogolo ndipo azitumidwa kufufuta bolodi. A PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) angalozere kumene kuli mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga aja ophunzira ku Montfort, ku Nguludi.

Pamene ambiri amagwa m'pa kuwerenga kunyumba. Mayi abwera kothyola tiyi atatopa, akhazika mwana pamphasa, chikwapu pambali: "Usadzuke mpaka umalize!" Pakutha pa ola, tsamba likadali lomwe lija, mwana akulira.

Mphindi 10 zakwana. Masamu atatu okha, kholo liwaone, liyamikire pomwepo, kenako mwana akathamange kapena akatunge madzi, abwerenso mphindi zina 10. Wailesi izimitsidwe, achimwene ake apite panja. Akalakwa samu imodzi, nthawi isawonjezedwe ngati chilango. Mphindi 10 zikhale 10.

Pomutuma, mawu amodziamodzi, akuyang'anizana naye. "Tenga kope" basi. Zoti "tenga kope, usambe, utsekere nkhuku" amagwirapo nkhuku zokha, ndipo si mwano.

Anzeru zapamowa amati amubwereze kalasi kapena amuletse shuga. Shuga sayambitsa vutoli, ndipo kubwereza Sitandade 3 njira zili zomwezo sikusintha kanthu. Kholo liyese mphindi 10 tsiku lililonse kwa teremu yathunthu, kenako likafunse mphunzitsi chimene chasintha.