Kaloga: mpanda wotchipa umene ungadye phindu la wamalonda a mbuzi

Malonda a mbuzi m'misika ya Mponela, Madisi ndi Malomo amayenda chifukwa cha msipu wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Msipu ukachepa mbuzi zimaonda, ndipo pamsika mbuzi yoonda sikhala ndi mtengo. N'chifukwa chake ogula ndi ogulitsa ziweto ayenera kuchidziwa bwino chomera chaminga chotchedwa kaloga, chomwe akatswiri amachitcha Opuntia.

Chomerachi kwawo ndi ku America, makamaka ku Mexico. Anthu amachikonda chifukwa sichifuna madzi ambiri, chimatchinga munda, ndipo mitundu ina imabala zipatso zodyedwa. Vuto lake ndi momwe chimafalikira. Chitsamba chimodzi chikathothoka n'kugwa pansi chimamera mizu pomwepo. Mbalame, anyani ndi ziweto zikadya zipatso zimakamwaza njere kutali. Ngakhale malo ozizira ndi amiyala sichiwaopa, choncho mapiri sachitchinga.

Mayiko ena anaphunzira movutika. Ku Australia, pofika m'ma 1920, kaloga anali atadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, malo aakulu kawiri kuposa dziko lonse la Malawi. Alimi ambiri anasiya minda yawo. Thandizo linabwera mu 1926 pamene anamwaza gulugufe wa ku Argentina wotchedwa Cactoblastis, yemwe mbozi zake zimaboola chomeracho mpaka kuola. Dziko la South Africa linatulutsanso gulugufe yemweyo mu 1933 pofuna kupulumutsa msipu wa ku Eastern Cape. Ku Laikipia m'dziko la Kenya, mtundu wa Opuntia stricta walanda malo odyetsera ziweto a Amasai.

Kwa wamalonda, nkhani yagona pa minga. Zipatso ndi masamba ake zili ndi timinga ting'onoting'ono tomwe timalowa m'milomo, m'kamwa ndi m'maso mwa chiweto. Pakamwa pakachita zilonda mbuzi imalephera kudya, imaonda, ndipo ina imachita khungu. Timinga timeneti timafikanso m'mimba, moti wopha nyama amaluza pa zam'kati zomwe anthu a kanyenya amazifuna kwambiri. Pamene kaloga wathithikana, udzu sumera ndipo ng'ombe sizilowapo.

Pali zinthu zinayi zoti amalonda azisunge.

Choyamba, wogula mbuzi aziyang'ana pakamwa ndi m'maso asanatchule mtengo. Zilonda pamilomo, dovu ndi misozi zikuonetsa kuti chiwetocho chili ndi vuto, kaya ndi minga kapena matenda, ndipo sichinenepa msanga.

Chachiwiri, ogulitsa maluwa ndi mbande asamagulitse masamba a kaloga waminga kwa ofuna mpanda. Ndalama ya lero ndi yochepa poyerekeza ndi msipu womwe mudzi ungataye. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo atha kuuza wogula mitengo ina yoyenera mpanda.

Chachitatu, amene akudula kaloga asataye zidutswa m'mbali mwa msewu, m'khwawa kapena pamtaya wa pamsika, chifukwa kumeneko n'kudzala. Azule ndi mizu yomwe, aziyanike pa malata akale kapena pathanthwe mpaka ziume, kenako aziotche, kapena azikwirire m'dzenje lakuya.

Chachinayi, wogulitsa zipatso zake achotse timinga tonse pozipukuta ndi kuzitsuka asanaziyale pa benchi. Kasitomala amene walasidwa palilime sabwereranso. Ku South Africa alimi amalima mitundu yopanda minga yogulitsa zipatso ndi kudyetsa ziweto, pamene mitundu yaminga yolusa lamulo limaletsa kuidzala ndi kuigulitsa.

Tsinde limodzi munthu mmodzi amalizula ndi khasu m'mawa umodzi. Likasanduka chitsamba chodzaza chigwa, pamafunika mudzi wonse ndi zaka zingapo. Amalonda amayenda midzi yambiri kuposa wina aliyense, choncho akaona kaloga akutuluka mumpanda n'kulowa kubusa, auze amfumu ndi mlangizi nthawi yomweyo.