Kodi ndibwerere ku Cape Town?

FUNSO

Akonzi, ndinkaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Cape Town mpaka korona atatitseketsa mu 2020. Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi basi. Pano anzanga akunditumizira zithunzi pa WhatsApp, ati alendo adzaza tho. Ndigulitse njinga yanga ya kabaza kuti ndipeze thiransipoti?

Wowerenga wanu, Balaka

YANKHO

Achimwene, anzanuwo sakunama. South Africa itatseka zonse pa 27 Malichi 2020, mowa n'kuletsedwa, m'malesitilanti munangotsala mipando yokhayokha. Anthu atayamba kupumako, mu Novembala 2021 kunabukanso korona wa mtundu wa Omicron, ndipo Britain ndi mayiko ena anaimitsa ndege Khirisimasi ili pafupi, nyengo imene mahotela amakolola. Mu 2022 boma la South Africa linachotsa malamulo a mliri, ndipo chakumapeto kwa chakacho ndege zinayamba kutera ku Cape Town molunjika kuchokera ku Washington ndi ku Atlanta. Lero Disembala akakwana, mzere wokwerera phiri la Table Mountain umakhotakhota, ndipo pa V&A Waterfront tebulo la madzulo n'lochita kusungitsiratu.

Koma afunseni anzanuwo kuti zithunzizo anajambula mwezi wanji. Inu mukuidziwa mphepo ndi mvula ya kumeneko kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Woperekera zakudya amaima pakhomo menyu ili m'manja, kumangoona maambulera akudutsa. Bwana amachepetsa mashifiti, ndipo matipi amauma. Alendo abwerera, inde, koma ntchito zambiri ndi za nyengo, ngati ganyu wa m'dzinja.

Lendi nayo yakwera. Eni nyumba ambiri a m'tauni akukonda kubwereketsa kwa alendo pa Airbnb, choncho wantchito amagona ku Dunoon kapena ku Imizamo Yethu, ndipo ya minibasi imadya malipiro mwezi usanathe. Kumbukiraninso kuti masiku 30 amene amadinda mu pasipoti ya Malawi ndi ochezera, osati ogwirira ntchito. Wopanda pemiti akadyeredwa malipiro, amaopa kukadandaula.

Njingayo musagulitse, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yambani mwaimbira bwana wanu wakale. Akakulonjezani malo, akulembereni kalata yonena za malipiro ndi miyezi ya ntchito, kenaka tsatani za pemiti musananyamuke. Zikatheka, njingayo muisiyire m'bale azikuyendetserani, kuti Juni akadzakuthinani kumeneko, ku Balaka ana azidyabe.