Makalata a Omvera: Magazi mu Mkodzo

Zikomo mayi athu a ku Mangochi potilembera. Mwati bambo a kunyumba akukodza magazi, koma poti sakumva kuwawa akukana zopita kuchipatala. Chonde musazengereze. Nthawi zambiri khansa ya m'chikhodzodzo imayamba chomwecho, mwakachetechete. Kusuta fodya ndiponso likodzo lokhalitsa osachiritsidwa ndi zina mwa zoyambitsa zake. Mwina ndi likodzo chabe, lomwe limatha ndi mapiritsi a praziquantel, koma kuyezetsa ndiko kunganene zoona. Dokotala amalowetsa kachubu ka kamera m'njira ya mkodzo n'kuona mkati. Chotupa chikakhala chaching'ono, amachipala osang'amba pamimba, kenako amathira mankhwala m'chikhodzodzomo. Chikazika mizu, amachotsa chikhodzodzocho kapena kuwotcha chotupacho ndi radiotherapy. Aperekezeni sabata yomwe ino, mayi.