Timauthenga ta SIM Tongotulukira pa Foni: Tisafulumire Kudina OK

Ambiri mwa ife timakadziwa kabokosi kamene kamangotulukira pakati pa sikirini ya foni, kopanda dzina la wotumiza, kokhala ndi mawu ochepa ndi mabatani awiri, OK ndi Cancel. Kamabwera tili mkati molemba uthenga pa WhatsApp, ndipo chala chimathamangira OK kuti kachoke. Vuto limayambira pomwepo, chifukwa nthawi zina OK ameneyo ndi kuvomera kulembetsa nyimbo, masewera kapena nkhani za mpira zimene zimadya mayunitsi tsiku ndi tsiku. Mawa lake kholo lipeza mayunitsi atha, ndipo mlandu ugwera mwana amene anabwereka foni kuti afufuze za homuweki.

Tiyambe ndi kumvetsa komwe timauthengati timachokera. SIM khadi si kachitsulo wamba. Ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi mapulogalamu akeake amene kampani ya netiweki inaikamo, ndipo ili ndi mphamvu youza foni kuti ionetse mawu pa sikirini. Khomo lolowera ku mapulogalamuwa limatchedwa SIM Toolkit. Palinso flash SMS, uthenga umene umaonekera pa sikirini nthawi yomweyo koma kawirikawiri susungidwa pamodzi ndi mauthenga ena, n'chifukwa chake tikaufunafuna pambuyo pake sitiupeza. Wachitatu ndi cell broadcast, umene nsanja ya netiweki imamwaza ku mafoni onse a m'dera limodzi.

Pa foni ya Android, tiyang'ane pakati pa mapulogalamu kachizindikiro kolembedwa SIM Toolkit kapena dzina la kampani yathu. Foni ya mizere iwiri imaonetsa SIM iliyonse payokha, choncho tione zonse ziwiri. M'katimo tifufuze gawo la mauthenga otsatsa malonda. Dzina lake limasiyana malinga ndi kampani, koma chimene tikufuna ndi mawu akuti Deactivate, Stop kapena Off. Pa iPhone tilowe mu Settings, kenako Mobile Data kapena Cellular, n'kutsika mpaka pa SIM Applications. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi malo ena mu Settings ya pulogalamu ya Messages pomwe timazimitsa Push messages ndi Broadcast channels. Koma machenjezo a ngozi, olembedwa Emergency alerts, tiwasiye momwe alili. Amenewo si malonda.

Alipo anyamata odziwa mafoni amene amalangiza kuchotseratu SIM Toolkit. Ife sitikugwirizana nazo. Pulogalamuyi ndi mbali ya foniyo, ndipo kuikakamiza kuti ichoke kungalepheretse ntchito zina za SIM.

Ngati tinadina kale OK, kuzimitsa timabokosi sikuthetsa kulembetsako. Tiimbire a kampani yathu, tiwafunse kuti atiuze zonse zimene nambala yathu inalembetsa, ndipo azichotse. Tilembe tsiku limene taimba. Akapanda kutithandiza, bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi m'dziko muno, limalandira madandaulo otere.

Uthenga woti No SIM wobwera n'kumachoka nthawi zambiri ndi fumbi kapena khadi yogwedera. Tizimitse foni, titulutse khadi, tipukute mbali yagolide ndi kansalu kouma, n'kubwezeretsa. Ikakanabe, tiiyese mu foni ina kuti tidziwe chomwe chadwala, khadi kapena foni. Woti malo a mauthenga mu SIM adzaza umatha tikafufuta mauthenga akale, poti khadi imasunga ochepa kwambiri.

Tsopano nkhani yoyenera kuti makolo ndi a komiti, makamaka amene amasunga ndalama za gulu pa Airtel Money kapena Mpamba, aimvetsetse. Ngati netiweki yasowa mwadzidzidzi pa foni yanu yokha pomwe anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino, ndipo kuzimitsa ndi kuyatsanso sikunathandize, musadikire mawa. Mwina wina watenga nambala yanu pa SIM ina mwachinyengo, ndipo mauthenga onse otsimikizira za ndalama akupita kwa iye. Bwerekani foni, imbirani kampani kuti itseke nambalayo, kenako pitani ku ofesi yawo ndi chiphaso cha unzika. Chimodzimodzi kabokosi kopempha nambala yachinsinsi ya ndalama pomwe inu simunagule kanthu kapena kutumiza ndalama: dinani Cancel, ngakhale wina akuimba n'kumati ndi wa ku kampani.

Nambala yachinsinsi ya ndalama ndi yosiyana ndi PIN ya SIM, imene foni imafunsa ikangoyatsidwa ngati tinaitchera. Ophunzira, musamangoyesa manambala pa foni ya makolo. PIN ikalakwika katatu khadi imatsekeka n'kufuna PUK, ndipo PUK ikalakwika maulendo 10 khadiyo yafa, pafunika ina. PUK imalembedwa pa kapulasitiki kamene SIM inabwera nako, ndipo ngati tinakataya, a kampani amatha kutipatsa akatsimikiza kuti nambalayo ndi yathu.