Phunziro: Madzi a Missouri ndi Eni Nthaka a ku Standing Rock

Phunziro la lero likutifikitsa ku North Dakota, m'dziko la America, kumene mkangano wa paipi ya mafuta unabuka mu 2016. Tiyende sitepe ndi sitepe.

1. Eni nthaka ndi anthu amene makolo awo ankakhala pamalo atsamunda asanafike. Ku dera la Standing Rock, anthu amenewa ndi a mtundu wa Sioux. Ufulu wodzilamulira ndi mphamvu ya mtundu yoyendetsa zinthu zake ndi kukambirana ndi boma lina ngati boma linzake. Umboni wa ufuluwu ndi mapangano a ku Fort Laramie a 1851 ndi 1868, amene boma la America linachita ndi a Sioux.

2. Ndale za madzi ndi kulimbirana mphamvu yogamula za mtsinje kapena nyanja. Pamene boma linamanga damu la Oahe pa mtsinje wa Missouri, madzi anamiza minda ndi nkhalango za a Sioux, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa. Nyanja imene inapangika pamenepo ndiyo amamwa lero.

3. Chilungamo pa zachilengedwe ndi mfundo yoti zoopsa za chitukuko zisamagwere anthu ochepa mphamvu okhaokha. Apa ndipo pagona nkhani, choncho mumvetsetse bwino. Paipi ya Dakota Access, yotalika pafupifupi makilomita 1,900, inali ndi njira ina yodzera kumpoto kwa mzinda wa Bismarck, umene anthu ake ambiri ndi azungu. Njirayo inakanidwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kuteteza madzi akumwa a mzindawo. Paipi inadzaikidwa pansi pa nyanja ya Oahe, mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera m'malire a Standing Rock. Ine ndimaona kuti chimene chinaopedwa ku Bismarck chinayeneranso kuopedwa kwa a Sioux.

4. Mu Epulo 2016 anthu anamanga misasa pafupi ndi mtsinje, nadzitcha oteteza madzi. Achinyamata ena anathamanga mopatsirana mpaka ku Washington kukapereka dandaulo. Mu Disembala boma linaimitsa chilolezo choti paipi idutse pansi pa nyanjayo, koma Donald Trump atalowa pampando wa pulezidenti mu Januwale 2017 ntchito inapitirira, ndipo mafuta anayamba kuyenda mu Juni. Mu 2020 khoti linagamula kuti boma silinafufuze mokwanira zoopsa za paipiyo, nililamula kuti lifufuzenso mozama.