Chiponde cha Kuchipatala: Malangizo kwa Mabanja a ku Sharpevale ndi Midzi Yozungulira

Kabuku aka n'ka banja lililonse limene lili ndi mwana wonyentchera, kapena munthu wamkulu amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB ndipo thupi likumuthera. Anthu otere achipatala amawalembera chakudya chapadera chotchedwa chiponde. Tikufuna kuti chakudyacho chikafika pakhomo chigwire ntchito imene anachiperekera.

Chiponde chimenechi n'chiyani?

M'kapaketi kamodzi muli magalamu 92 a mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina yoyezedwa bwino. Kamapereka mphamvu zokwana makalori 500. Chiponde chosinja mumtondo n'chabwino kudya, koma mulibe mkaka ndi michereyi, choncho sichingalowe m'malo mwa cha kuchipatala.

Chakudyachi chinapangidwa koyamba ku France m'chaka cha 1996 ndi dokotala André Briend pamodzi ndi kampani ya Nutriset. Koma umboni wambiri woti mwana atha kuchira nacho ali kwawo, osagonekedwa, unapezeka kuno ku Malawi. Dokotala Mark Manary anachiyesa ku Blantyre, ndipo mu 2002 boma la Dowa linayamba kuthandiza ana onyentchera ali m'midzi mwawo. Kale mayi ankakhala kuchipatala milungu ingapo, munda utagwira tchire, ana ena atasiyidwa kwa agogo. Lero ambiri amangopita kusikelo, kulandira, n'kubwerera.

Amene ayenera kulandira

Wosankha ndi wachipatala, osati ife eni. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 amamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakaonetsa pofiira, kutanthauza kuti mkono sunakwane masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri. Pachikasu ndiye kuti wayamba kutsika. Inunso mutha kuona chizindikiro china pakhomo: dinikizani chala pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, mwanayo watupikana. Musati wanenepa, ndipo musayambe mwapita kwa sing'anga. Pitani naye kuchipatala cha Sharpevale kapena kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Mwana amene akukaniratu kudya, akusanza chilichonse, kapena wafookeratu, amatumizidwa kukagonekedwa, monga kuchipatala chachikulu cha Ntcheu. Kumeneko amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, chifukwa thupi lofooka silingalandire chakudya champhamvu mwadzidzidzi. Akuluakulu amawayeza sikelo ndi msinkhu akapita kukalandira mankhwala awo.

Kadyetsedwe kake

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Mayi wabwera ndi mapaketi, wakhala pakhonde, wang'amba pakona. Ana ena atatu aima pomwepo, maso ali pakapaketi. Mtima wa kholo sulola kudyetsa mmodzi ena akuyang'ana, ndipo kwathu kuno kumana mwana chakudya n'chinthu chochititsa manyazi. Timazimvetsa zimenezi. Koma mapaketiwo anawerengedwa molingana ndi kulemera kwa wodwalayo. Mukagawa panayi, ana athanziwo sapindula kanthu kooneka, pamene wodwala uja amabwerera kusikelo asanasinthe, mwinanso atatsika. Chiponde ndi mankhwala a munthu mmodzi, monga momwe zilili ndi ma ARV. Phikirani ena aja phala kapena awotchereni mbatata poyamba, kenaka mutengere wodwalayo pambali.

Sambani m'manja ndi sopo, musambitsenso mwanayo m'manja ndi kumaso. Ngati akuyamwa, ayambe wayamwa. Finyani paketi kuti mafuta asakanizike, mumupatse pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Chiponde chimaumitsa kukhosi, makamaka m'chigwa cha Bwanje muno mmene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, ndiye pafupi pazikhala kapu ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Musachisungunule m'madzi. Chili chouma choncho sichiwonongeka msanga, koma madzi akalowa tizilombo timaswana. Chotsala pindani pakamwa pa paketi, muike m'chiwiya chovundikira pamthunzi, kutali ndi makoswe ndi nyerere.

Mwana akayamba kusewera ndi kudzaza masaya, musasiye kupita kusikelo. Wotulutsa mwana m'ndondomeko ya chiponde ndi amene anamulowetsa. Ndipo chiponde sichogulitsa. Wogula ndi wogulitsa onse akulanda mwana wodwala.

Akuluakulu a matenda okhalitsa

Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB akalandira chiponde kapena ufa wa Likuni Phala, asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Chakudyacho chimabwezera thupi, koma sichipha kachilombo. Ngati mukamwa muli zilonda kapena mukutsegula m'mimba, kaneneni kuchipatala, musangosiya kudya.

A matenda a shuga asamale. M'chiponde muli shuga wambiri, choncho musadye cha mdzukulu poganiza kuti chikupatsani mphamvu, ndipo ngati achipatala akufuna kukulemberani, auzeni za matenda anuwo. Chakudya chanu chenicheni chili m'munda: nsima ya mgaiwa yocheperako, nyemba, nandolo, khobwe, ndi masamba ochuluka kuposa nsimayo. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi thobwa lothira shuga zisiyeni. Musadumphitse chakudya mutamwa mankhwala, chifukwa shuga atha kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta.

A BP, mdani wanu ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Usipa ndi matemba ouma ngati ali a mchere yambani mwawaviika, ndipo mbale ya mchere isakhale pamphasa podyera.

Pali anthu oyenda m'misika ndi m'mabasi, ogulitsa ufa ndi timabotolo todula, amene amati timachiza shuga, BP ndi Edzi pamodzi. Ndalama imeneyo ndi bwino mugulire mazira ndi nyemba.

Chiponde chikatha

Mapaketi amatha, ndipo ngati mphika wa pakhomo sunasinthe, mwana amabwerera pofiira pomwe paja. Phala la mgaiwa likhale lolimba, losayenderera pasupuni, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga kapena usipa wosinja, ndi kasupuni ka mafuta. Onjezerani chisoso, bonongwe, nkhwani kapena masamba a chammwamba, osathira soda wambiri. Malambe, mapapaya ndi mango m'nyengo yake zikhale zotolatola za ana. Yesetsani kuti pa tsiku magulu onse 6 a zakudya apezeke, ngakhale pang'onopang'ono.

Mtedza wa nsinjiro muzisankha. Wofota, wobooka ndi wachuku tayani, musaupatse ngakhale nkhuku, chifukwa chuku chimenechi chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Pokolola uumitseni bwino, ndipo musauwaze madzi pofuna kuti usavute kuswa. Za kasungidwe ka mtedza ndi dimba la pakhomo funsani alangizi a zaulimi ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya Sharpevale. Za sikelo ndi tsiku lolandira, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, ndipo popita musaiwale buku la kuchipatala la wodwalayo.