Liwu Lakuti Neutralization ndi Nthaka Yathu

M'mabuku a sayansi ndi a zaulimi mumapezeka liwu lachingerezi lakuti neutralization. Tanthauzo lake ndi kuthetsa mphamvu ya chinthu pochikumaniza ndi china chotsutsana nacho.

Kuchipatala, wodwala chilungulira amapatsidwa mankhwala othetsa ukali wa asidi wa m'mimba. Kukhola, katemera wa chitopa amautsa chitetezo cha m'thupi la nkhuku, ndipo chitetezocho chimagwira kachilombo kuti kasayambitse matenda. Pa ndale, liwuli limanena za dziko limene maiko ena agwirizana kuti lisatenge mbali pa nkhondo, monga Switzerland mu 1815.

Kwa mlimi, tanthauzo lofunika koposa lili m'munda. Asidi wa m'nthaka amayezedwa ndi sikelo ya pH, yochokera pa 0 kufika pa 14, ndipo 7 ndiye pakati. Nambala ikatsika, asidi wachuluka. Ikafika pansi pa 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kuwononga nsonga za mizu, ndipo fosiforasi amamangika m'dothi. Mlimi amathira D-compound wogula ndi ndalama zambiri, koma chimanga chimapinimbira.

Asidi amabwera ndi mvula yambiri, monga ya ku Luapula ndi ku Copperbelt, imene imatsuka kalisiyamu ndi maginiziyamu. Amabweranso ndi urea wothiridwa chaka ndi chaka. Alimi a chitemene kumpoto ankathetsa asidiyu ndi phulusa la nthambi. Lero timagwiritsa ntchito laimu wa m'munda, amene akakumana ndi asidi amatulutsa madzi ndi mpweya, kalisiyamu n'kutsala m'nthaka.

Tsatirani izi:

1. Yezetsani dothi kudzera kwa alangizi kapena ku Mount Makulu ku Chilanga, kuti mudziwe muyezo woyenera.
2. Thirani laimu miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe, ndipo musakanize ndi dothi, pakuti salowa pansi msanga.
3. Musamusakanize ndi urea, chifukwa nayitirojeni amathawira m'mlengalenga.
4. Musapyole muyezo, chifukwa laimu wochuluka amalepheretsa mbewu kupeza zinki.

Laimu salowa m'malo mwa feteleza kapena manyowa. Ntchito yake ndi kumasula chakudya chimene asidi anamanga, kuti thumba lililonse limene mwagula lifike ku mbewu.